Musanagule batire lina, yang'anani utsi kaye

Juni akangofika pa galaja pano nyimbo imakhala imodzimodzi, "amakaniko lole ikuvuta kulira m'mawa, batire latha." Abale inu ndatopa nayo nkhani imeneyi. Batire limafookadi kukazizira, makamaka kuno ku Dedza kapena uko ku Chikangawa, koma ambiri mukutaya ndalama pa chinthu chomwe sichinalakwe.

Mvetserani sitata kaye. Ngati ikuzungulira mwaulesi, eya, yambirani ku batire, koma muone ma teminolo ndi waya wa earth wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto, nthawi zambiri ndi dzimbiri basi. Batire lodzadza limawerenga 12.6 volts pa mita yoyezera magetsi ndipo poliza lisatsike kudutsa 9.6. Inu a malole a 24 volts, kusintha batire limodzi n'kusiya lakalelo ndi kudzinamiza, lakale lija lidzapha latsopano.

Koma ngati sitata ikuzungulira bwinobwino injini osalira, tumani mnyamata akaime ku ekizozi. Utsi woyera wonunkha dizilo ndiye kuti mafuta akufika koma sakupsa. Dizilo imayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, tsono chitsulo chikazizira chimayamwa kutentha konseko, n'chifukwa chake pali ma hita pulagi, otenthetsa mkati mwa injini musanalize. Pakafa awiri okha, kapena rile yake, kaswitchi kopereka magetsi ku mapulagiwo, m'chilimwe simudziwa n'komwe, kuzizira ndiko kumaulula. Mapulagi akakhala bwino tiyeze kompuresheni, mphamvu imene injini ikupanikizira mpweya. Utsi osatuluka konse? Mafuta sakufika, mwina mpweya walowa m'mapaipi usiku kapena fyuluta yatseka, pompani pampu ya pamanja yokokera mafuta ija muone ngati ikulimba.

Imene imandipwetekabe mtima ndi Canter ina yonyamula kachewere ku Bembeke kupita ku Lilongwe. Mwini wake ndinamuuza kuti achimwene tiyeze mapulagi, iye akuti katundu awola ndibwera mawa. Anagula batire kawiri, kenako kamakaniko kena ka pansi pa mtengo kanamuphunzitsa kunyowetsa sanza ndi petulo n'kuika pa paipi yolowera mpweya. Imaliradi, ndi phokoso ngati wina akumenya ndi hamala mkatimo, tsiku ndi tsiku mpaka Ogasiti. Anabwera nayo chokoka. Titatsegula tinapeza ma ring'i othyoka, pisitoni imodzi yong'aluka, ndipo mapulagi akufa anali awiri okha, zinthu zomwe ndikanasintha iye akumwa tiyi.

Petulo kapena masipule opopera polowera mpweya kuti injini ilire akakumana ndi pulagi yotentha amaphulika pisitoni isanafike pamwamba, ndicho chimathyola zinthu. Enanso mumasonkha moto pansi pa injini, pafupi ndi mapaipi a mafuta, zoona? Ndipo kiyi musamaikakamize kupitirira masekondi 15, sitata imapsa. Dikirani kagetsi ka hita ka pa dashibodi kazime, lizani, ikakana kawiri katatu isiyeni muyimbe foni, mutiuze mtundu wa utsi umene mwaona.