Mano a Elk Sapezeka kwa Zamphongo Zokha

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti mano aja alenje a ku North America amasunga ngati chikumbutso amapezeka pa elk yamphongo yokha (elk ndi nyama yaikulu yakutchire yooneka ngati mbawala). Ndatopa nazo. Si zoona.

Elk iliyonse, yamphongo kapena yaikazi, ili ndi mano amenewa 2 okha, kunsagwada ya kumtunda, mbali iyi limodzi, mbali inayo limodzi. Ndi otsalira a minyanga yomwe makolo akale a nyamayi anali nayo. Chimene zamphongo zokha zili nacho ndi nyanga zapamutu, zomwe zimagwa chaka chilichonse, ndipo ndikuona kuti chisokonezo chimayambira pamenepa. Dzino la yamphongo limakhala lalikulupo, lobulungira. La yaikazi limakhala laling'ono, lophwatalala pang'ono. Nyama ikamakula, pamwamba pa dzinolo pamaperepeseka n'kuoneka mizere yofiirira, ndipo alenje amaikonda kwambiri mizereyo.

Musangogawana nkhani zotere musanazitsimikize. Fufuzani pa intaneti zithunzi za chigaza cha elk yaikazi, yopanda nyanga, muyang'ane nsagwada ya kumtunda, kutsogolo kwa mano otafunira. Mudzaliona dzinolo, kapena kabowo komwe linazuka.