Tsamba la m'thanthwe la ku Charnwood

Mu 1956, mtsikana wa zaka 15, Tina Negus, anaona chinthu chonga tsamba chitadindika pathanthwe m'nkhalango ya Charnwood, pafupi ndi mzinda wa Leicester ku England. Atakauza mphunzitsi wake, yankho linali lakuti zimenezo n'zosatheka, chifukwa miyala ya kumeneko ndi yakale zedi moti simungapezeke chotsalira cha chamoyo chilichonse. Tisafulumire kumunyoza mphunzitsiyo. Ankangobwereza zimene mabuku a nthawi imeneyo ankaphunzitsa.

Chiphunzitsocho chinali ndi pochokera. Akatswiri a miyala akamafukula matanthwe a nyengo yotchedwa Cambrian, imene inayamba zaka pafupifupi 539 miliyoni zapitazo, ankapeza zigoba ndi tizilombo ta miyendo yambirimbiri totchedwa trilobite tili mbwee. Akatsikira m'miyala ya pansi pake, kunali zii. Charles Darwin mwiniwake, m'buku lake la mu 1859, anavomereza kuti nkhaniyi inkamusowetsa mtendere. Ngati nyama zinkasintha pang'onopang'ono monga ankanenera, nanga makolo a nyama za Cambrian anapita kuti?

Choseketsa n'chakuti makolowo ankapezeka ndithu, koma anthu ankawakana. Mu 1872 Elkanah Billings anafotokoza za timizere tozungulira m'miyala ya ku Newfoundland n'kutitcha Aspidella, anzake n'kunena kuti ndi zipsera chabe za m'mwala. Cha m'ma 1930 Georg Gürich analemba za zina zochokera ku Namibia, koma zaka za miyalayo zinali zokayikitsa. Mu 1946 Reg Sprigg, amene boma la South Australia linamutuma kukayendera migodi yakale kumapiri a Ediacara, anapeza zidindo zozungulira kunsi kwa miyala ya mchenga ndipo anaganiza kuti ndi jellyfish, nyama zofewa zopanda mafupa zoyandama m'nyanja. Ambiri sanazilabadire. Maganizo awo ankangozungulira pamodzimodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake: mwala ukakhala ndi chidindo cha nyama ndiye kuti ndi wa Cambrian, ukakhala wakale kuposa pamenepo ndiye kuti chidindocho si cha nyama.

Chimene chinathyola khola limeneli ndi thanthwe lomwe lija la ku Charnwood. Mu 1957 mnyamata wapasukulu, Roger Mason, akukwera matanthwe ndi anzake, anaona tsamba lija. Anayala pepala pamwamba pake n'kukhutiza ndi pensulo mpaka mizere yonse inatuluka, ngati mmene ana amachitira ndi ndalama yachitsulo. Bambo ake ankadziwana ndi Trevor Ford, katswiri wa miyala wa pa yunivesite ya Leicester, ndipo Ford atapita kukadzionera yekha, analemba za chinthucho mu 1958 n'kuchitcha Charnia masoni, potengera mayina a Charnwood ndi Mason. Apa panalibe pothawira, pakuti miyala ya Charnwood inali yodziwika kale kwa aliyense kuti ndi yakale kuposa Cambrian. Zitatero, katswiri wina, Martin Glaessner wa ku Adelaide ku Australia, anaona kufanana kwa Charnia ndi zina za ku Ediacara, ndipo zimene Sprigg anatola zija zinayamba kulemekezedwa.

Mkangano wa zaka za miyalayo utatha, panabuka wina wovuta kuposa woyambawo: kodi zinthuzi zinali chiyani? Tayang'anani Charnia. Ikuoneka ngati tsamba la kanjedza, nthambi zake zikuphuka mosinthana uku ndi uku, nthambi iliyonse n'kugawikanso tinthambi tofanana nayo. Koma si chomera, chifukwa inkakhala pansi pa nyanja pakuya pomwe dzuwa silifika. Pakamwa palibe, matumbo palibe. Inkangoima itazikika m'matope, n'kumapeza chakudya m'madzi odutsa. Ina ndi Dickinsonia ya ku Ediacara, imene Sprigg anaitcha dzina la bwana wake Ben Dickinson. Iyi inali yaphanthiphanthi ngati mkeka wozungulira wokhala ndi mizere yonga nthiti, zina zing'onozing'ono ngati chikhadabo, zina zotalika kupitirira mita imodzi.

Glaessner ankaziika m'mabanja a nyama zimene tikuzidziwa lero, monga nyongolotsi za m'nyanja ndi jellyfish. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa ku Germany, Adolf Seilacher, anatsutsa zimenezo kotheratu. Iye ankati zamoyozi zinali mtundu wakewake, zosokedwa zigawozigawo ngati matiresi opopa, ndipo zinatha psiti osasiya mdzukulu. Gregory Retallack anafika ponena kuti zinali ndere za pamtunda, ngakhale ndi ochepa amene anamutsatira. Ine ndimaona kuti Seilacher anathandiza ngakhale pomwe analakwitsa, chifukwa analetsa anthu chizolowezi chokakamiza chakale chilichonse kuti chikhale agogo a chinachake cha lero.

Umboni wamphamvu unabwera mu 2018. Ilya Bobrovskiy, wophunzira pa Australian National University, anakumba Dickinsonia m'maphompho a m'mbali mwa White Sea ku Russia, itasungika bwino moti panali patatsalira kansalu kopyapyala ka thupi lake. Atakapima anapezamo zotsalira za kolesterolo, mafuta amene ndi chizindikiro cha nyama, a zaka 558 miliyoni. Kuwonjezera apo, pali miyala yoonetsa zidindo za Dickinsonia zitandondozana, kusonyeza kuti inkadya pamalo amodzi kenako n'kusuntha. Za Charnia, ambiri lero amaiwerengera kumbali ya nyama, koma nthambi yake yeniyeni pa mtengo wa zamoyo akukanganabe.

Mu 2004 nyengo yonseyi, kuyambira zaka 635 miliyoni zapitazo kufika pa Cambrian, inapatsidwa dzina lovomerezeka lakuti Ediacaran, ndipo chizindikiro cha chiyambi chake anachikhoma pathanthwe ku Enorama Creek, kumapiri a Flinders ku Australia.

Nanga Tina uja? Atabwereranso ku Charnwood anapeza tsamba lake kulibe, litasemedwa kale pathanthwepo, osadziwa amene analitenga. Panapita zaka zambiri nkhani yake isanamveke, ndipo Mason, amene anadzakhala pulofesa wa za miyala, anavomereza kuti mtsikanayo ndiye anayamba kuliona. Mwalawo uli m'nyumba yosungiramo zakale ku Leicester, ndipo dzina lake likadali Charnia masoni.