Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi Kamuzu asanabwere

Ambiri tinakula tikumva kuti amayi analowa m'ndale m'dziko muno chifukwa cha Kamuzu, kuti ndiye anawatukula n'kuwatcha mbumba yake. Ine ngati mphunzitsi wa mbiri yakale ndimauza ophunzira anga kuti awerenge zaka bwinobwino. Kamuzu anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ndipo panthawiyo n'kuti Mayi Rose Chibambo atatha kale zaka zingapo akusonkhanitsa amayi kuti akane ulamuliro wa atsamunda.

Mayiwa anabadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba pa 8 Seputembala 1928. Mu 1947 anakwatiwa ndi a Edwin Chibambo, mwana wa Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, ndipo ntchito ya boma ya amuna awo ndiyo inawafikitsa ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko. Kumeneko mu 1952 nkhani imene inali m'kamwam'kamwa inali ya chitaganya.

Achinyamata ambiri mawuwa amangowamva, choncho ndifotokoze. Boma la Britain linkafuna kumanga pamodzi Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia (lero Malawi, Zambia ndi Zimbabwe) pansi pa boma limodzi lokhala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Makolo athu sankafunika wowauza zomwe zikubwera. Ambiri anali atagwirapo ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, anayendapo ndi chitupa m'thumba, anaona ndi maso awo kuti minda yachonde yonse ili m'manja mwa azungu. Anthu anakana, mafumu anakana, koma chitaganya chinayambabe mu 1953.

Misonkhano ya Nyasaland African Congress inkadzaza abambo. Banja litasamukira ku Blantyre, Mayi Chibambo analowa nthambi ya chipanichi, anasankhidwa kukhala msungichuma, n'kulimbikitsa bungwe la amayi lomwe analiyambitsa. Luso lawo linali pofikitsa ndale pa zinthu zimene mayi aliyense ankazidziwa. Kunali masitolo amene munthu wakuda sankaloledwa kulowa, ankaima panja n'kugulira pawindo, nsalu yosaikhudza n'komwe. Mayi amene waimapo pawindo loterolo sankavutika kumvetsa chifukwa chokanira chitaganya.

Pa 3 Malichi 1959, tsiku lomwe timakumbukira ofera dziko, Bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a Congress amangidwe. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa ndipo oposa 50 anaphedwa. Mayi Chibambo anali oyembekezera, choncho apolisi anadikira. Atangochira, patapita masiku awiri okha, anawatenga pa 23 Malichi kupita nawo kundende ya Zomba, khanda lili m'manja. Anakhalamo kopitirira chaka, mwana akukulira m'ndendemo. Mayi aliyense amene anakhalapo m'chikuta akudziwa kuti masiku awiri thupi limakhala lisanabwerere m'malo.

Mu 1964 anakhala phungu wa kumwera kwa Mzimba. Nthawi zambiri timawatchula kuti nduna yoyamba yachizimayi. Udindo wawo weniweni unali wa Parliamentary Secretary, womwe ukufanana ndi wachiwiri kwa nduna masiku ano, ndipo panalibe mayi wina amene anafikapo pamenepo.

Mpandowo sanaukhalitse. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Zinkadandaula ndi ndalama ya tiki (mapeni atatu) imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique, komanso khalidwe la Kamuzu logamula zinthu yekha. Mu Seputembala anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Chibambo. Ena monga Yatuta Chisiza ndi Henry Chipembere anatula pansi maudindo okha. Mayi amene anamangidwira dziko lino anayamba kutchedwa chigawenga, ndipo mu 1965 anathawira ku Zambia.

Apa ndi pamene pamandiwawa mtima. Kwa zaka pafupifupi 30 dzina lawo silinkatchulidwa pawailesi kapena m'kalasi, ndipo kulitchula kukanakuika m'mavuto. Bungwe la amayi linapitirira m'chipani cha Malawi Congress, koma ntchito yomwe linadziwika nayo inakhala yovala nsalu ya nkhope ya Kamuzu, kuimba ndi kuvina pamisonkhano. Mbadwo wonse unakula osadziwa kuti amayi oyambawo ankakonza misonkhano yawoyawo, kusonkha ndalama, kutsutsana ndi boma mpaka kumangidwa.

Anabwerera kumudzi mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, n'kukhazikika ku Mzuzu komwe ankathandiza pa ntchito za mpingo ndi zachifundo. Mu 2012 Reserve Bank of Malawi inaika nkhope yawo pa K200, iwo akadali moyo. Anamwalira ku Blantyre pa 12 Januwale 2016 ali ndi zaka 87, ndipo anaikidwa m'manda a ngwazi ku Mzuzu.