Nkhani ya mpikisano salemba usiku wotsekera, ndipo sagula

Mpikisano wa zolemba ukatsala masiku awiri kuti utsekedwe, foni yanga siipuma. "Madamu, tandiwerengereniko kankhani kanga, ndikufuna kutumiza mawa." Ena ndi ophunzira anga, ena ndi a sukulu zina zaukachenjede muno mu Blantyre omwe angopatsidwa nambala ndi anzawo. Ndikawafunsa kuti ayamba liti kulemba, amati dzulo. Ndikawafunsa ngati awerenga malamulo a mpikisanowo, amati angoona chithunzi cha pa WhatsApp pomwe palembedwa mphotho. Ndatopa nazo, ndipo lero ndiyankhula mosapsatira, chifukwa pampando wa oweruza ndakhalapo mokwanira kuti ndidziwe pomwe nkhani zabwino zimafera.

Zambiri sizifika n'komwe m'manja mwa woweruza. Pamakhala munthu woyamba kusefa, ndipo iyeyo sayang'ana kukoma kwa nkhani. Amaona ngati mawu akwana kapena apyola muyeso, ngati mwalemba dzina lanu pomwe adakuuzani kuti musalembe, ngati nkhaniyo idatulukapo kale kwina. Mukaphonya chimodzi, yaikidwa pambali, ngakhale ikhale yogwetsa misozi. Si nkhanza ayi. Dzina timalibisa kuti ine ndisakondere mwana wa m'kalasi mwanga, ndipo muyeso wa mawu ulipo kuti nonse muyesedwe mofanana.

Taonani Commonwealth Short Story Prize, mphotho ya nkhani zazifupi ya mayiko a mu Commonwealth, yomwe Mmalawi aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo angathe kulowa. Salipiritsa kanthu. Amafuna nkhani yosasindikizidwapo, ya mawu oyambira 2,000 kulekeza 5,000. Amatsegula pa 1 Seputembala n'kutseka pa 1 Novembala. Wopambana m'chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500, wopambana onse amalandira 5,000. Khomo limakhala lotsegula miyezi iwiri yathunthu, masiku ake ndi odziwika kale, koma wophunzira wa kuno amakhala pansi usiku wa pa 31 Okutobala, laputopu yobwereka, bandulo ikutha, magetsi atazima. Kumeneko kumafika nkhani zikwizikwi zochokera ku India, Nigeria, Jamaica ndi kwina, ndipo eni ake ambiri amakhala atazibwereza kwa miyezi. Inu mukufuna kupikisana nawo ndi zomwe mwalemba usiku umodzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Caine Prize, mphotho ya nkhani zazifupi za alembi a mu Africa yomwe idayamba m'chaka cha 2000, ili ndi njira ina. Imalandira nkhani zomwe zidasindikizidwa kale, ndipo wotumiza ndi wosindikizayo, osati mlembi. Mmalawi mnzathu Stanley Onjezani Kenani adafika pa mndandanda wotsiriza wa mphothoyi kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Ntchito yomwe adaphunzira ndi yowerengera ndalama. Ndatchula izi dala chifukwa cha inu a ku MUBAS, sukulu ya zamalonda ndi sayansi, ndi ku KUHeS, sukulu ya zaumoyo, omwe mumandiuza kuti zolembalemba n'za anthu a ku Chancellor College ku Zomba. Wophunzira unamwino amaona m'sabata imodzi zinthu zomwe ine sindingazione m'kalasi chaka chonse.

Za kalembedwe ka chiganizo sindikambapo, mudaziphunzira kusekondale. Chomwe ambiri simuchita ndi kubwereza. Mukalemba koyamba, mwangodziuza nokha nkhaniyo. Isiyeni masabata awiri, kenako muiwerenge mokweza, muli nokha m'chipinda. Pomwe lilime lapunthwa, pali vuto. Mukatero mupatse anzanu awiri omwe sakuopani. Gulu la alembi lomwe lidayamba ku Chancellor College mu 1970 lidatulutsa alakatuli omwe dziko lonse likuwadziwa, ndipo chomwe ankachita ndi chomwechi: kukumana, kuwerengerana, kudzudzulana. Panalibe wolipira mnzake.

Tsopano wochedwa uja akaona kuti nthawi yamuthera, amathamangira kwa akathyali. Mukuwadziwa. Amalengeza m'magulu a pa WhatsApp kuti amalemba maasayimenti, mapulopozo ndi china chilichonse, ndipo nyengo ya mipikisano ikafika amasanduka akonzi a nkhani. Mkonzi weniweni amakufunsani mafunso, amakuonetsani pomwe pafooka, n'kukubwezerani kuti mukonze nokha. Awa amalandira ndalama n'kukupatsani chinthu china chomwe si chanu.

Pali mtsikana wina yemwe mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Unali mpikisano waung'ono wa ophunzira, ndipo ndinali mmodzi wa oweruza. Mayina adali obisidwa. Ndidafika pa nkhani ina yokamba za amayi odikirira odwala kuchipatala. Pakati pake padali zinthu zomwe munthu sangapeke atakhala patebulo. Amayi osadziwana akubwerekana mchere ndi mafuwa. Mmodzi akuphika phala la wodwala wa mnzake chifukwa mnzakeyo waitanidwa kuwodi. Chitenje chomwe chayanikidwa pa waya masiku atatu ndipo palibe akuchianula, onse akudziwa chifukwa chake koma palibe akunena. Ndidawerenga ndimeyo kawiri. Koma ndime yoyamba ya nkhaniyo idali ya mtundu wina, Chingerezi chonona chokamba za masamba ofiira akugwa m'nyengo yomwe kuno kulibe. Yotsiriza nayonso chimodzimodzi. Mnzanga wina adalemba chiganizo chimodzi pa Google, ndipo ndime yonse idatuluka, mawu ndi mawu, ya munthu wina wa kutsidya kwa nyanja. Lamulo lidali lachidziwikire, ndipo nkhaniyo idachotsedwa.

Patapita masabata angapo mwini wake adafika ku ofesi, atagwira kope. Sadabwere kudzakangana. Adati, "Madamu, ndingofuna muone yomwe ndidalemba ine." Ndidaiwerenga ali pomwepo. Chingerezi chake chidali chosavuta, cholakwika apo ndi apo, zolakwika zoti n'kukonza ndi pensulo m'mphindi zochepa. Idayambira pa mayi ake akumanga ndowa ndi mphika m'chitenje, m'bandakucha, ku Bangwe. Chiyambi chimenecho chidali chabwino kuposa chobedwa chija kutalitali. Ndidamufunsa chomwe adaperekera nkhani yotere kwa munthu wina. Adati amaopa kuti Chingerezi chake n'cha kumudzi, oweruza amuseka. Adalipira ndalama yomwe idali ya chakudya, munthuyo n'kumubwezera nkhaniyo madzulo a tsiku lotsekera, ndipo iye adangoitumiza osaiwerenga yonse. Ndikunena motsimikiza kuti ya m'kope ija ikadafika pa mndandanda wotsiriza. Chomwe chimandipweteka n'chakuti mwanayu sadali waulesi ngati ena aja. Adali ndi mantha, ndipo wina adadya ndalama pa mantha akewo. Ndidamupempha kuti alembenso chaka chotsatira. Sindidaonenso nkhani yake.

Ndiye mundimvetse, achimwene ndi achemwali: woweruza safuna mawu akuluakulu. Timawerenga mulu wa nkhani zomwe zimayamba ndi dzuwa likutuluka, n'kutha ndi munthu akudzidzimuka kuti anali maloto. Yomwe imatigwira ndi ija yomwe mwini wake akudziwa mtengo wa minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Chirimba, akudziwa mmene mayi wa ku Ndirande amayankhira mwininyumba tsiku la lendi. Ndipo ngati mpikisano ukulola Chichewa, ndipo nkhaniyo imakubwererani m'Chichewa, ilembeni m'Chichewa.

Masiku ano kwabweranso ChatGPT ndi anzake, makina a pa intaneti omwe amakulemberani zomwe mwawauza. Ena mumaganiza kuti sitizindikira. Nkhani yake imakhala yosalala paliponse, yopanda cholakwika, koma anthu ake alibe kwawo, sadya chakudya chodziwika, amayankhula ngati akuwerenga chikalata. Zikafika zisanu zofanana kayendedwe, timakayika. Mipikisano yambiri tsopano imaletsa poyera ntchito yolembedwa ndi makinawa. Sungani zolemba zanu zoyambirira, kaya m'kope kaya m'kompyuta, ndi masiku ake. Tsiku lomwe wina adzakukayikirani, umboni wanu ndi umenewo. Ndipo dziwani kuti kugwidwa ndi ntchito yobedwa pa mpikisano wa pasukulu sikuthera pa kuluza mphotho. Nkhani imatha kufika ku komiti yosungitsa mwambo, ndipo dzina likada pamenepo, aphunzitsi amayamba kukayikira ndi maasayimenti anu omwe.

Akathyali ena ndi omwe amapanga mipikisano yabodza. Chithunzi chokongola, mphotho ya mamiliyoni, kenako: tumizani ndalama yolembetsera pa Airtel Money kapena Mpamba, ku nambala ya munthu. Sindikunena kuti mpikisano uliwonse wolipiritsa ndi wachinyengo, ilipo ina yoona ya kunja yomwe imalipiritsa. Koma musanatumize ngakhale tambala, funsani. Akuchititsa ndani, ndipo ofesi yawo ili kuti? Oweruza atchulidwa mayina? Adapambana chaka chatha ndani, ndipo nkhani yake ingawerengedwe kuti? Ngati mayankho palibe, ndalama yanu isatuluke. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi kwa zaka zambiri, ndipo opambana ake amalengezedwa m'nyuzi, anthu n'kuwaona. Mpikisano woona umatero. Uja wokuuzani kuti wopambana ndi yemwe anzake amuvotera kwambiri pa Facebook, kapena kuti voti iliyonse ndi yolipira, sakuyesa luso lanu, akukugwiritsani ntchito yomuitanira anthu. Wina amakulemberani kuti mwasankhidwa kulowa m'buku la alembi achinyamata a mu Africa, mungotumiza ndalama yosindikizira. Aliyense yemwe adatumiza amakhala atasankhidwa. Ndipo wokuuzani kuti mumulipire akulowetseni mu Caine Prize, iye asali wosindikiza nkhani yanu, akunama.

Werenganinso ndime yokamba za umwini. Malamulo ena amati mukangotumiza, nkhaniyo yasanduka yawo mpaka kalekale, mupambane musapambane. Mpikisano waulemu umapempha chilolezo chosindikiza nkhani zopambana, umwini n'kutsala ndi inu. Ngati ndimeyo simukuimvetsa, funsani mphunzitsi kapena a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, musanasayine.

Ngati mwatumiza kale ndalama kwa anthu oterewa, musabise chifukwa cha manyazi, poti manyazi anuwo ndi omwe amawapatsa mpata wobera mnzanu wa chipinda chotsatira. Musafufute uthenga wotsimikiza kuti ndalama idapita, jambulani zomwe mudalemberana, kanene ku kampani ya foni ndi kupolisi tsiku lomwelo, ndipo mudziwitse ofesi yoona za ophunzira kuti ichenjeze ena. Mukadikira sabata, nambala ija mudzaipeza itazimitsidwa, mwini wake atatsegula ina ndi chithunzi chatsopano.