Digiri ya masters kunja si ya ana a mabwana okha

Anthu ambiri amakhulupirira kuti wofuna digiri yachiwiri kunja ayenera kukhala ndi chuma chamwanaalirenji. Maganizo amenewa agwetsa ulesi achinyamata anzeru, ndipo zimandiwawa.

Ku Germany, mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi, ngakhale kwa ophunzira ochokera ku Africa. Umangopereka ndalama ya semesita, mayuro mazana ochepa, ndipo nthawi zambiri mommo muli tikiti yokwerera basi ndi sitima. Maphunziro ambiri a masters amachitika m'Chingerezi. Koma chenjerani: chigawo cha Baden-Württemberg chinayamba mu 2017 kulipiritsa ochokera kunja kwa European Union mayuro 1,500 pa semesita, ndipo dziko la Norway, lomwe linkatchuka ndi maphunziro aulere, linayamba kulipiritsa alendo otere mu 2023.

Povuta penipeni ndi pa chakudya ndi lendi. Pofunsira viza ya Germany, amafuna umboni wa mayuro oposa 11,000 a chaka chimodzi, kawirikawiri mu akaunti yotsekedwa yomwe umatapamo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Apa ndi pomwe thandizo la DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira, limapulumutsa, chifukwa limapereka ndalama yapamwezi. Ofuna ku Britain ayesere Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, yomwe imalipira fizi ndi ndege, koma imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri.