Kuphunzitsa Chingerezi kunja muli wachikulire: yambani ndi malamulo a viza

Pa anthu amene ndimawaphunzitsa uphunzitsi wa Chingerezi, si onse achinyamata ongomaliza kumene sukulu. Pamakhala anamwino, owerengera ndalama, ogwira ntchito m'mahotela, ena atapuma kale pantchito, ena ana awo atakula n'kuchoka pakhomo. Funso lawo limakhala limodzimodzi: kodi pa zaka 50 kapena 58 sindinachedwe? M'kalasi simunachedwe ayi. Kumene zaka zanu zidzawerengedwe ndi ku ofesi yopereka viza, ndipo n'chifukwa chake ndimapempha aliyense kuti asanalipire kosi iliyonse, ayambe wawerenga malamulo a dziko limene mtima wake ukufuna.

Malamulowa amasiyana kwambiri. Ku China chilolezo chogwirira ntchito ya uphunzitsi chimafuna digiri, ndipo munthu akafika zaka 60 chimavuta kwambiri kuchipeza. Ku South Korea kuli pulogalamu ya boma ya EPIK, imene imatumiza aphunzitsi akunja m'sukulu za boma, koma siilemba munthu amene wafika zaka 62, msinkhu umene aphunzitsi a kumeneko amapumira. Pulogalamu ya JET ya ku Japan, imene inayamba mu 1987, kale inkafuna anthu osafika zaka 40. Malire amenewo inawachotsa, komabe ambiri amene imatenga ndi achinyamata. Mayiko ngati Saudi Arabia ndi United Arab Emirates amalipira bwino, koma amafuna mapepala ambiri, ndipo m'mayunivesite awo nthawi zambiri amafuna digiri yachiwiri.

Pali chinanso chimene chimapweteka kuposa zaka, ndicho pasipoti. Viza ya E-2 ya ku South Korea, yophunzitsira Chingerezi, imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko 7: United States, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Munthu atha kukhala kuti sukulu yake yonse anaphunzira m'Chingerezi, waphunzitsa zaka 25, koma ngati pasipoti yake si ya mayiko amenewa, chitseko n'chotseka. Ine lamuloli sindigwirizana nalo, chifukwa kubadwira m'chilankhulo sikumupanga munthu kukhala mphunzitsi. Koma lilipo, ndipo n'kwabwino kulidziwa lero kusiyana n'kudzalidziwa ndalama zitapita. Thailand, Vietnam ndi Cambodia amalandira aphunzitsi ochokera kwina kulikonse, ngakhale kuti mungapemphedwe umboni wa mayeso a Chingerezi ngati IELTS kapena TOEIC. Ku Mexico ndi Colombia zaka saziyang'ana kwambiri, kungoti malipiro ake ndi ongokwanira kudya ndi kulipira nyumba.

Mukadziwa mayiko amene angakulandireni, m'pamene nkhani ya satifiketi imabwera. Odziwika padziko lonse ndi CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity College London. CELTA imatenga maola pafupifupi 120, amene munthu angawamalize m'milungu inayi kapena isanu ngati sakuchita china chilichonse, ndipo mkati mwake muli maola 6 ophunzitsa ophunzira enieni, wokuphunzitsani atakhala kumbuyo ndi cholembera. Pa intaneti pali makosi otchipa osawerengeka a TEFL, kutanthauza uphunzitsi wa Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina. Ena amathandiza pa mapepala a viza, koma ngati mulibe kuima pamaso pa kalasi, mudzafika kunja musanalaweko ntchito yeniyeniyo.

Maola 6 amenewo ndi amene amavumbula zonse. Bambo amene wakhala akutsogolera misonkhano moyo wake wonse amaima kutsogolo, wophunzira n'kufunsa kusiyana kwa "I lived in Paris for two years" ndi "I have lived in Paris for two years". Bamboyo amayamba kufotokoza, mphindi zitatu, zinayi, Chingerezi chosalala bwino, ophunzira akugwedeza mutu. Akafunsa kuti "Mwamva?" onse amavomera, koma palibe wamva. Mphunzitsi wophunzitsidwa amajambula mzere pabolodi, kuika chizindikiro pa lero, kenako n'kufunsa mafunso aafupi: kodi munthuyu adakali ku Paris? Pa chiganizo choyamba, ayi. Pa chachiwiri, inde. Zatha. Ophunzira amakhala awiriawiri n'kuyamba kufunsana za kumene akhalako, iye n'kumazungulira akumvetsera.

Kudziletsa kuyankhula ndiye phunziro lovuta kwambiri kwa wachikulire, chifukwa wazolowera kuti akayankhula anthu amamvera. M'kalasi ya chilankhulo, woyenera kutopa pakamwa ndi wophunzira. Mukafunsa funso, pamakhala kachetechete kamene kamaoneka kotalika, mtima n'kumakuuzani kuti muyankhe nokha. Dikirani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chovuta china n'kukonzedwa ndi munthu wamsinkhu wa mwana wanu. Wokuphunzitsani pakosi, ngakhalenso bwana wanu kusukulu, atha kukhala wa zaka 30, ndipo adzakuuzani mosapsatira kuti malangizo anu anali aatali kapena kuti munaima motchinga bolodi. Amene amamva zimenezi ngati chipongwe amavutika. Amene amazilemba n'kukonza mawa lake amapita patsogolo msanga, nthawi zina kuposa achinyamata, chifukwa kusunga nthawi, kukonzekera ndi kuwerenga nkhope za anthu anaziphunzira kalekale.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi kuona munthu akubisa ntchito yake yakale ngati chinthu chochititsa manyazi, n'kumapikisana ndi achinyamata pa ntchito zoimba ndi kudumpha ndi ana a zaka zinayi. Sukulu zambiri za ana aang'ono zimafunadi nkhope zachinyamata, ndipo m'mayiko ena amapempha chithunzi pa kalata yofunsira ntchito. Msika wanu uli kwina. Anamwino ndi madokotala ofuna kukagwira ntchito ku Britain kapena Australia amalemba mayeso a OET, a Chingerezi cha kuchipatala, ndipo namwino wakale amadziwa bwino kalembedwe ka kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wina. Oyendetsa ndege za pakati pa mayiko amayenera kufika pa mlingo wachinayi wa Chingerezi mwa milingo isanu ndi umodzi ya ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse. Amalonda amafuna wowaphunzitsa kukambirana mtengo ndi kulemba lipoti. Woyang'anira kampani wa zaka 45 amamasuka kulakwitsa pamaso pa mphunzitsi waimvi amene anakhalapo m'misonkhano yotereyo. Choncho pa CV yanu zaka zimenezo zilembeni pamwamba.

Kuphunzitsa pa intaneti ndi njira yabwino yodziyesera musanagule tikiti ya ndege. Musadalire kampani imodzi yokha. Mu 2021 boma la China litakhwimitsa malamulo a maphunziro apadera olipira, aphunzitsi ambiri akunja amene ankaphunzitsa ana a kumeneko kudzera m'makampani ngati VIPKid ntchito inawathera mwadzidzidzi.

Za thanzi musazitenge mopepuka. Mayiko ambiri amayeza thupi asanapereke chilolezo chokhala m'dziko, ndipo a ku Gulf, monga Saudi Arabia ndi United Arab Emirates, amayeza HIV ndi TB n'kukana munthu potengera zotsatira zake. South Korea inasiya kukakamiza aphunzitsi a E-2 kuyezetsa HIV mu 2017. Ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga tsiku lililonse, fufuzani ngati akupezeka kumeneko, tengani kalata ya dokotala yokhala ndi dzina lenileni la mankhwalawo, ndipo funsani ngati inshuwalansi ya sukulu imalipira matenda amene munabwera nawo kale. Zambiri sizilipira, ndipo mtengo wa inshuwalansi umakwera ndi zaka.

Mapepala nawonso amadya nthawi. Digiri ndi kalata ya polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu zimayenera kutsimikizidwa, kaya ndi apostille, chidindo chovomereza mapepala kunja cha pangano la ku Hague la 1961, limene China inalowamo mu 2023, kaya kudzera ku ofesi ya kazembe. Kalata ya polisi imatha mphamvu pakangopita miyezi ingapo, choncho musaitenge msanga kwambiri. Kontirakiti iwerengeni muli kwanu, muone maola ophunzitsa pamlungu, amene akulipira nyumba ndi ndege, komanso chimene chingachitike mutadwala kapena mutafuna kusiya chaka chisanathe. Pemphani kuyankhula ndi mphunzitsi amene akugwira ntchito pasukulupo panopa. Wina akakuuzani kuti mubwere pa viza ya alendo, mapepala adzakonza mukafika, kanani, chifukwa apolisi akabwera pasukulupo wogwidwa ndi kuthamangitsidwa m'dziko mudzakhala inuyo.