Brake shoe yomwa oyilo sichapidwa, imasinthidwa

Funso loti "kodi sitingangoitsuka ndi petulo?" landitopetsa. Ayi, sizitheka. Brake shoe ndi chitsulo chopindika cha buleki chimene chimakanikiza mkati mwa drum, mphika wachitsulo wozungulira limodzi ndi wilo. Lining yake, gawo lapamwamba lokhudza drum, ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo imamwa oyilo ngati chinkhupule. Petulo amangochotsa wapamwamba. Ikauma imaoneka ngati yatsopano, koma mukaponda buleki kangapo pamtsetse drum n'kutentha, oyilo uja anabisala mkati amatulukanso. Galimoto imayamba kukokera mbali imodzi, handibuleki osagwira.

Oopsa kwambiri ndi aja amawotcha shoe pamoto kuti "oyilo apse". Mpaka lero imandiwawabe nkhani ya bambo wina amene anabwera ndi Morris Minor yomwe ankaisamala kwambiri. Makaniko wina anali atawambika ma shoe akumbuyo ndi moto wa gasi, kuwakwecha ndi sandipepala, n'kuwabwezera. Lining yake inali yomatidwa ndi guluu, si ya marivet. Moto unafooketsa guluuyo, lining inamatuka galimoto ili pa liwiro, n'kukanirira mkati mwa drum, wilo n'kuima. Bamboyo anapulumuka, koma nditatsegula ndinapeza oil seal (mphira wotchinga oyilo kuti asatuluke) yomwe inkadontha ili pomwepo, munthu sanaikhudze n'komwe. Makaniko uja anamulipiritsa ndalama kuti amuike pangozi.

Choncho yambani ndi kupeza kumene oyilo akuchokera. Akakhala wolemera, wonunkha sulufule, ndi wa mu diff (bokosi la magiya lapakati pa mawilo akumbuyo), wadutsa pa seal ya axle, chitsulo cholumikiza mawilowo. Musangosintha seal n'kutseka. Onani breather (potulukira mpweya) ya pa axle, chifukwa ikatsekeka ndi dothi mpweya wotentha umasowa potulukira, n'kukankha oyilo kudzera pa seal yatsopanoyo. Onaninso ngati wina sanadzazitse diff mopyola muyezo, ndiponso ngati bearing sikugwedera.

Akakhala wopyapyala, wosungunuka m'madzi, ameneyo ndi brake fluid (madzi a mabuleki) wochokera mu wheel cylinder, kachipangizo kamene kamakankha ma shoe. Apa ndiye musati "ndikonza kumapeto kwa mwezi". Magalimoto ambiri a m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960 ali ndi njira imodzi yokha ya fluid yopita kumawilo onse anayi. Cylinder imodzi ikataya, mabuleki onse atha, phazi limangofika pansi.

Drum ndi chitsulo, imatsukika bwino ndi brake cleaner. Ma shoe sinthani a mbali zonse ziwiri za axle, ngakhale mbali inayo ili youma, apo ayi galimoto izikokabe. Ngati atsopano sakupezeka, chitsulo cha shoe yakale chimatha kuvekedwa lining ina kwa odziwa ntchitoyo.

Ndipo chonde, fumbi la mu drum musamalipemerere ndi kompuresa. Ma lining akale ambiri anali ndi asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Linyowetseni kaye, mupukute ndi nsalu yonyowa, muimange m'pulasitiki musanaitaye.